Za vakabu ndi mphamvu za apolisi: zomwe makhothi adagamula

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo, komanso inu a komiti ya chitetezo cha m'mudzi amene mumagona mochedwa chifukwa cha ife. Ndayimirira kuti tikambirane za vakabu, chifukwa ambiri mwa inu mumalawirira kumsika kudakali mdima, ndipo mukaona galimoto ya apolisi mtima umagunda ngakhale simunalakwe.

Mu Malichi 2015, bambo wina wogulitsa majumbo ku Blantyre, a Mayeso Gwanda, adalawirira m'mbandakucha kupita ku Limbe kukachita geni yawo. Apolisi adawagwira panjira, nkuwatsekera, nkuwatsegulira mlandu wa vakabu. Lamulo lomwe adagwiritsa ntchito linali gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, lomwe tidalitengera kwa atsamunda. Linkalola wapolisi kumanga munthu pongomuona pamsewu nthawi yomwe iye waganiza kuti njokayikitsa. Tangoganizani, ndani amayenda wapansi 4 koloko m'mawa? Wolemera amadutsa pagalimoto. Wapansi ndi mayi wa mandasi, mlonda woweruka, mnyamata wa kabaza.

Bamboyu sadangovomera mlandu kuti atuluke msanga monga ambiri timachitira. Adapita nayo nkhaniyi ku Khothi Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji adagamula kuti gawolo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mu 2022 Khothi Lalikulu ku Zomba lidawonjezera, pa mlandu wochokera ku Kasungu, kuti chizolowezi chosesa anthu onse opezeka pamalo usiku, osawauza n'komwe chomwe alakwa, n'chosemphana ndi malamulo.

Mundimvetse bwino apa, makamaka inu achinyamata. Khothi silidalande apolisi mphamvu yomanga. Akakupeza ndi chitsulo pawindo la golosale ya munthu, upita basi. Chomwe chidasintha n'chakuti wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokukayikira iweyo, ndipo akuuze chifukwacho m'chilankhulo chomwe umamva. Gawo 42 la malamulo aakulu likuteronso kuti womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku lomwe khothi siligwira ntchito, ndiye tsiku loyamba lomwe latsegula. Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Yaulere, azimayi! Musagulitse mbuzi.

Nanga wapolisi akalakwa, tikadandaule kuti? Kale funso limeneli linali lopweteka, chifukwa unkakasuma ku siteshoni komwe wolakwayo amagwirako ntchito. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loyima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, ngakhale padapita zaka pafupifupi 10 lisanayambe ntchito. Bungweli limafufuza munthu akamenyedwa, akavulala kapena kumwalira ali m'manja mwa apolisi. Mukukumbukiranso za ku Msundwe mu Okutobala 2019. Wapolisi adaphedwa ndi gulu la anthu, chinthu choipa chomwe sitingachiyamikire, koma apolisi ena pobwezera adachitira nkhanza azimayi ndi atsikana. Mu Ogasiti 2020 khothi lidalamula kuti amayi 18 apepesedwe ndi ndalama. Ndalamazo zidachokera m'thumba la boma, kutanthauza misonkho yanu ndi yanga.

Apolisi ndi ana athu, ena akuchokera m'mudzi mommuno, ndipo ntchito yawo ndi yowawa. Malamulowa amatetezanso wapolisi wachilungamo, chifukwa akalamulidwa kuchita zosayenera ali ndi poyimira pokana.

Tsono wachibale akamangidwa, musakachite phokoso kapena kugenda siteshoni. Lembani tsiku, nthawi, dzina la siteshoni ndi nambala ya galimoto ngati mwaiona. Funsani mwaulemu kuti mlandu wake ndi wotani. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau. A komiti, inunso mukagwira munthu usiku, ntchito yanu ndi kumupereka kupolisi ali bwinobwino, osati kumumenya. Amfumu, ndasiyira pomwepa kuti ena afunse mafunso.