Thanga lalikulu lakutsogolo: kodi lithamangitsadi boti lanu pa Chivero mphepo ikachepa?

Moni nonse amene mukutionera kuno ku Harare ndi kwina kulikonse. Amene munakwerapo boti la matanga pa nyanja ya Chivero, kufupi ndi Harare, m'mamawa mukudziwa mmene zimakhalira: madzi ali bata, thanga lili lende, ndipo namasupuni woyandama akuoneka ngati akukupitirirani. Pa nthawi yotereyi, maganizo a aliyense amathamangira kogula thanga lalikulu lakutsogolo.

Choyamba, tidutse msanga pa zoyambira. Thanga lakutsogolo ndi lija limamangidwa pa waya wochokera kumphuno kwa boti kukwera pa mlongoti. Likathera pa mlongoti limatchedwa jib, koma likapitirira n'kuphimbako thanga lapakati limatchedwa genoa, dzina lochokera ku mzinda wa Genoa ku Italy, komwe Sven Salén wa ku Sweden analitchukitsa pa mpikisano m'zaka za m'ma 1920. Mukamva zoti genoa ya 135 kapena 150 peresenti, akuyerekezera m'lifupi mwa thangalo ndi mtunda wochokera pa mlongoti kufika pamene waya uja wamangidwa kutsogolo.

Chachiwiri, dera lathu lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho mpweya wake ndi wopepuka ndi pafupifupi 14 peresenti. Mphepo ya liwiro lomwelo imakankha thanga mofooka kuno kusiyana ndi ku Beira. Chimenechi ndi chifukwa chomveka chofunira thanga lokulirapo, ndipo sinditsutsana nacho.

Chachitatu ndi chimene chimandiwawitsa mtima, ndipo musanachimve, dinani batani lija kuti muzilandira mavidiyo athu. Pali bodza limene ndimalimva kawirikawiri pa gombe, lakuti thanga likakula, boti limathamanga basi. Abale anga, pa mphepo yochepa chimene chimayendetsa boti ndi thanga limene lafufuma bwino moti mphepo ikuyenda mosadodoma mbali zake zonse ziwiri. Nsalu yolemera siingafufume ndi kamphepo ka ma knot atatu (knot ndi muyeso wa liwiro pamadzi), ngakhale itakula bwanji. Ndinadzionera ndekha pamene ndinagula genoa ya 150 peresenti yogwirapo kale ntchito, ya nsalu yokhuthala yopangidwira mafunde a kunyanja ya mchere. Tsiku loyamba inangolendewera ngati bulangete lonyowa pa chingwe choyanikira, kulemera kwake kukukokera m'mphepete mwake mkati, ndipo mnzanga amene anali ndi thanga la 135 peresenti la nsalu yopyapyala anandidutsa mwakachetechete uku akumwa tiyi wa m'fulasiki.

Vuto silithera pamenepo. Nthawi iliyonse imene mukutembenuza boti kudutsa mphepo, nsalu yonseyo iyenera kukwawa pa mlongoti ndi pa mawaya a m'mbali, ndipo ikakola penapake, liwiro lochepa limene munalipeza movutikira limathera pomwepo. Pa nyanja yaing'ono ngati Chivero mumatembenuka kawirikawiri kwambiri. Kumbukiraninso kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Pakati pa Novembala ndi Malichi, mitambo yakuda ikasonkhana masana, chimphepo chimafika mwadzidzidzi, boti n'kupendekeka kwambiri, chiwongolero n'kuyamba kulimbana nanu. Ena adzati, ingokulungani thangalo pa waya. Inde, likulungika, koma genoa yokulungidwa theka imatumba pakati ngati thumba, ndipo boti limalephera kulunjika kumene mphepo ikuchokera. Amene mukutsutsa, ndilembereni pansipa, ndimawerenga zonse.

Chachinayi, yezani njanji imene chingwe cha thanga chimadutsira pa boti lanu, chifukwa ngodya yakumbuyo ya genoa yaikulu imafika kutali, ndipo ngati njanjiyo ndi yaifupi simudzatha kulikoka moyenera.

Chachisanu, musanapereke ndalama kwa wosoka matanga, tulutsani botilo m'madzi mulikweche ndere kunsi, popeza madzi a Chivero amameretsa ndere msanga, ndipo ndereyo imachedwetsa boti. Mmene ndimakwechera langa popanda kuwononga penti ndaonetsa mu vidiyo imene ikuoneka pa ngodya apa.