Karma ndi dharma: nkhani yake siithera pa "choipa chitsata mwini"

[Wofotokoza pa kamera]

Takulandirani nonse. Wakuba akaberedwa naye, kapena wolanda mwamuna wa mwini akasiyidwa, masiku ano anthu amangoti "karma". Agogo athu akanati choipa chitsata mwini. Ku India, komwe chiphunzitsochi chinabadwira, karma si wapolisi wokubwezererani adani anu. Imakamba za inuyo ndi zochita zanu, ndipo siyenda yokha, imayenda ndi inzake yotchedwa dharma.

[Pa sikirini: ansembe atazungulira moto]

M'malemba akale kwambiri a Ahindu, otchedwa Veda, omwe ena mwa iwo anapekedwa zaka zoposa 1,000 Yesu asanabadwe, karma inali ntchito ya pa nsembe: kukoleza moto, kuthirapo mafuta a mkaka, kutchula mawu oyenera. Mukachita bwinobwino, zotsatira zibwera. M'malemba apambuyo pake, a Upanishad, ganizoli linatuluka pa guwa n'kulowa m'moyo wonse. Chochita chilichonse ndi mbewu. Ndipo poti Ahindu amakhulupirira kuti munthu amabadwa, kufa, n'kubadwanso, mbewuzo sizikakamizika kumera m'moyo uno.

Aphunzitsi achihindu amagawa karma patatu, ndipo nkhokwe itithandiza kumvetsa. Chimanga chonse chimene mwakhala mukututa m'miyoyo yanu yonse chili m'nkhokwe: imeneyo ndi sanchita. Chimene mwatapa n'kupita nacho kuchigayo, chomwe mukudya panopa, ndi prarabdha. Ndicho chinakupatsani thupi lanu ndi banja lomwe munabadwiramo, ndipo sichibwereranso m'nkhokwe. Chimene mukubzala lero ndi kriyamana, ndipo apa pokha ndi pomwe khasu lili m'manja mwanu.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale karma yabwino imamanga. Imakupezerani kubadwa kwabwino, inde, koma mwabadwabe, mudzadwalabe, mudzafabe. Cholinga chenicheni ndi kutulukiratu m'kuzungulira kumeneku, komwe amakutcha samsara. Ahindu ndi Ajaini (a chipembedzo china cha ku India) kutulukako amati moksha, Abuda (otsatira Buddha) amakonda kunena kuti nirvana.

[Pa sikirini: galeta pakati pa magulu awiri a asilikali]

Nanga chochita choyenera muchidziwa bwanji? Apa ndi pomwe dharma ikulowera. Ndi udindo, lamulo, dongosolo logwiriziza dziko kuti lisagwe. Koma si imodzi kwa aliyense. Ya mwana wasukulu ndi ina, ya bambo wapabanja ndi ina, ya msilikali ndi inanso.

Nkhani yotchuka pa zimenezi ili mu Bhagavad Gita, ndakatulo ya mitu 18 ndi mavesi 700, yomwe ili m'kati mwa Mahabharata, nthano yaitali ya Ahindu ya nkhondo ya pachibale. Arjuna, katswiri wa uta, ali pagaleta ku Kurukshetra, nkhondo ili pafupi kuyamba. Akuuza woyendetsa galeta, Krishna, yemwe Ahindu amamulambira ngati mulungu, kuti amuyimike pakati aone adani ake. Atayang'ana, akuona Bhishma, gogo wa banja lawo, akuona Drona amene anamuphunzitsa kukoka uta, akuona abale ake. M'kamwa mwauma, thupi likunjenjemera, uta wapulumuka m'manja. Wakhala pansi m'galetamo, akuti samenya.

Taonani vuto lake. Dharma ya pachibale ikuti usaphe abale ako. Dharma ya msilikali ikuti menya nkhondo yolungama. Krishna akumuuza kuti adzuke amenye, koma asaike mtima pa zipatso zake, kaya ufumu, kaya ulemu. Chimene chimamanga munthu, malinga ndi Krishna, si ntchitoyo koma kukakamira phindu lake. Kunena zoona, yankho limeneli limandisowetsa mtendere, chifukwa pamapeto pake anthu anafadi. Mahatma Gandhi, amene ankaikonda Gita kwambiri, ankaiwerenga ngati fanizo la nkhondo ya mumtima mwa munthu, osati chilolezo chopha.

[Pa sikirini: nyerere panjira]

Tsopano tiyese funso laling'ono. Mukuyenda, mwaponda nyerere osaiona. Mwapalamula?

Buddha, amene anaphunzitsa kumpoto kwa India cha m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, anati karma ndi cholinga cha mumtima. Simunafune kupha, ndiye palibe mbewu yomwe mwabzala. Kwa Abuda, dharma ndi chiphunzitso cha Buddha chenichenicho, ndipo n'chimodzi kwa mfumu ndi kwa wosesa.

Ajaini, otsatira Mahavira yemwe anakhalako nthawi imodzimodziyo, sakumasulani msanga choncho. Kwa iwo karma ndi chinthu chenicheni, tinthu tosaoneka ndi maso timene timamatirira pa mzimu n'kuulemetsa, ndipo kusasamala pakokha ndi mlandu. N'chifukwa chake amonke awo amayenda ndi katsache kofewa, kusesa pomwe akufuna kukhala. Ena amamanga kansalu kukamwa. Ajaini ambiri sadya anyezi, adyo kapena mbatata, poti kuzula kumapha chomera chonse ndi tizilombo ta m'dothi, ndipo ena sadya dzuwa likalowa.

Asikh, omwe chipembedzo chawo chinayamba ndi Guru Nanak wobadwa mu 1469, amavomereza karma, koma amati chomasula munthu ndi chisomo cha Mulungu mmodzi.

[Pa sikirini: mbendera ya India]

Gudumu la masipoko 24 lili pakati pa mbenderayi ndi gudumu la dharma. Linatengedwa pa chipilala cha mfumu Ashoka ku Sarnath. Ashoka ataona kuchuluka kwa anthu amene anafa pa nkhondo yake ya ku Kalinga, cha m'ma 261 Yesu asanabadwe, analembetsa pa miyala chisoni chake ndi malangizo: lemekezani makolo, chitirani chifundo antchito, musanyoze chipembedzo cha mnzanu.

[Wofotokoza pa kamera]

Pali mbali ina yowawa yomwe sitingailumphe. Ngati kubadwa kwanu ndi chipatso cha moyo wapitawo, wobadwira pansi tinene kuti anadzichitira yekha? Chandogya Upanishad imanena kuti a makhalidwe abwino amabadwa m'magulu apamwamba (anthu a ku India anagawidwa m'magulu obadwa nawo, ena apamwamba, ena apansi), pomwe a makhalidwe oipa amabadwa ngati galu, nkhumba, kapena munthu wa gulu lonyozeka. Kwa zaka mazanamazana, mawu ngati amenewa anathandiza kutsekera anthu m'magulu obadwa nawo, n'kumawauza kuti ntchito yonyansa ndiyo dharma yawo.

B. R. Ambedkar anabadwa mu 1891 m'gulu la anthu omwe ankatchedwa osakhudzidwa, lero amati Adalit. Kusukulu ankakhala pa chiguduli chomwe ankabwera nacho yekha. Akamva ludzu sankaloledwa kugwira chotungira. Wantchito wa pasukulupo ankamuthirira madzi kuchokera m'mwamba, ndipo wantchitoyo akajomba, tsikulo kunalibe kumwa. Mu March 1927 anatsogolera anthu ake kukamwa madzi pa dziwe la anthu onse ku Mahad, ndipo atachoka, a magulu apamwamba anachita mwambo "woyeretsa" dziwelo. Pa 25 December chaka chomwecho, iye ndi omutsatira anatentha poyera buku la Manusmriti, lomwe limayala udindo wa gulu lililonse.

Ambedkar yemweyo ndi amene anatsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la India, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1950, ndipo gawo 17 linathetsa mchitidwe wosala osakhudzidwa. Mkangano wake unali wakuti umphawi ndi kunyozeka kwa Adalit zinapangidwa ndi anthu amoyo, osati ndi machimo a moyo wina. Ahindu ambiri lero amagwirizana nazo, amati karma ndi yoti munthu adziyese nayo yekha, osati kulozera nayo chala wovutika. Koma Ambedkar sanadikire kuti Chihindu chisinthe. Pa 14 October 1956 ku Nagpur analowa Chibuda pamodzi ndi anthu mazana a masauzande, ndipo mwa malonjezo 22 omwe anawatsogolera kunena tsikulo munali lakuti anthu onse ndi ofanana.