N'chifukwa chiyani buku loseketsa la moyo wa munthu limapweteka chonchi?

Moni nonse. Lero tikambe za mabuku amene munthu amalemba za moyo wake mwanthabwala, koma mukafika pakati mumangozindikira kuti munasiya kale kuseka.

Buku lotere silifotokoza moyo wonse kuyambira kubadwa. Wolemba amatola kachigawo kamodzi, kaya matenda a mayi ake, kaya banja lomwe linatha, zina zonse n'kuzisiya dala.

Nanga nthabwalazo n'zachiyani? Munthu akayamba ndi kudziseka yekha, owerengafe timamasuka, timasiya kumukayikira. Tiyerekeze kuti akukuuzani kuti pa maliro a bambo ake ankangodandaula za nsapato zomuthina. Museka ndithu. Masamba awiri kutsogolo, muzindikira kuti nsapatozo ndi chokhacho chimene mtima wake ukanapirira kuganizira tsiku limenelo. Akanangolemba kuti "ndinali ndi chisoni chachikulu", mukanamumvera chisoni muli patali. Koma wakuseketsani kaye, ndiye chisonicho chakupezani mutayandikira.

Tsono funso limene owerenga ambiri amafunsa: zimenezi zinachitikadi? Mu 1975, katswiri wa zolembalemba wa ku France, Philippe Lejeune, anafotokoza kuti pali pangano pakati pa wolemba ndi wowerenga. Dzina la pachikuto, munthu amene akufotokoza nkhani, ndi munthu amene zinamuchitikira, onsewa ndi mmodzi. N'chifukwa chake timakwiya tikamva kuti wolemba anapeka.

Koma kukumbukira si kujambula ndi kamera ayi. Mu 1974, ofufuza za mmene anthu amakumbukirira zinthu, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa anthu filimu ya ngozi ya magalimoto. Amene anafunsidwa ndi mawu amphamvu, osonyeza kuti magalimoto anaphwanyana, anatchula liwiro lalikulu kuposa anzawo amene anafunsidwa ndi mawu ofatsa. Patatha sabata, ambiri mwa iwo kuposa a gulu linalo ananena kuti anaona magalasi osweka. Mu filimumo munalibe magalasi osweka! Ngati funso limodzi lingasinthe zimene munthu anaona sabata yatha, nanga nkhani yaubwana imene wakhala akuinena kwa zaka zambiri, anthu n'kumaseka?

Ndiye ine macheza a ali mwana olembedwa ngati anawajambula dzulo ndimawakhululukira. Chochitika chopeka, monga matenda amene sanadwalepo, ayi.

Chimene ndimayang'anitsitsa kwambiri ndi ichi: akusekedwa ndani? Mchemwali wa wolembayo sanapemphe kulowa m'bukumo. Mwamuna wake wakale sangayankhe pa tsamba lomwelo. Wolemba akamadziseka yekha koposa onse, ndimapita naye mpaka kumapeto. Koma akakhala kuti iye yekha ndiye wochenjera m'mutu uliwonse, ena onse zitsiru, ndimayamba kudzifunsa kuti mchemwali ujayo akanalemba lake buku, tikanaseka ndani.