Uthenga wa pa foni: kayendedwe ka tsiku limodzi mu Mumbai

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva zoti Lachinayi mwapeza munthu wokuperekezani ndi galimoto kuti mukaone mzinda wa Mumbai. Zili bwino, koma tandimverani kaye, ndipo uthenga uno muusunge, mudzaumverenso m'mawa wa tsikulo.

Galimoto isananyamuke, mugwirizane ndi woperekezayo za malo ndi nthawi yake. Akanena kuti mupita ku Elephanta kenako muzungulira tauni yonse tsiku lomwelo, mukane mwaulemu. Elephanta ndi chilumba. Boti limatha pafupifupi ola lathunthu popita, ola linanso pobwerera, ndiye mukatsika pali masitepe oposa 100 okwera phiri kuti mufike kumapanga. Ndi mawondo anu aja, ayi ndithu. Inde n'kokongola, kuli chifaniziro cha Shiva, mulungu wa Ahindu, cha nkhope zitatu chosemedwa m'thanthwe, kutalika kwake pafupifupi mamita 6, koma kumeneko kumafuna tsiku lakelake, ndipo lisakhale Lolemba chifukwa amatseka.

Inu muyambire pa Gateway of India cha m'ma 8 koloko, dzuwa lisanakalipe. Ndi chipata chachikulu cha miyala m'mphepete mwa nyanja. Anachimanga pokumbukira kubwera kwa Mfumu George V mu 1911, n'kuchimaliza mu 1924, ndipo asilikali omaliza a Britain anadutsa pomwepo pochoka m'dzikomo mu 1948. Polowa amasecha zikwama, musadabwe. Anyamata ojambula zithunzi akuzungulirani. Mukafuna chithunzi, mumvane mtengo asanajambule. Hotela yaikulu ili kutsidya kwa msewuyo ndi Taj Mahal Palace, ya mu 1903. Si Taj Mahal ya pa makalendala ija, chonde musakauze anthu kumudzi kuti mwaiona, imeneyo ili ku Agra, kutali kwambiri.

Mukachoka apo mudzere pa siteshoni ya sitima ya Chhatrapati Shivaji Maharaj Terminus, ija kale inkatchedwa Victoria Terminus. Muionere panja basi. M'kati, nthawi ya m'mawa, anthu amatuluka m'sitima ngati ngumbi mvula itagwa, angakukankheni.

Tsopano apa mumvetsetse. Hafu pasiti 11 ikamakwana mukhale mutafika panja pa siteshoni ya Churchgate, zivute zitani. Woperekezayo akamachedwa ndi nkhani zake za mbiri, mumudule pakamwa. Nthawi imeneyo ndi imene amafika madabbawala, azibambo ovala tizipewa toyera amene amanyamula chakudya cha masana cha anthu a m'maofesi. Chakudyacho chimaphikidwa kunyumba kwa mwiniwake, kutali kunja kwa tauni, n'kuikidwa m'zitini zosanjikiza. Wina amachitenga pa njinga kukachisiya ku siteshoni, wina amakwera nacho sitima, ndiye pa Churchgate amayala zitini zija pansi m'mbali mwa msewu n'kuyamba kuzigawa. Muyang'ane pa zivundikiro kapena pa timatumba take: pali manambala ndi zilembo zopentedwa, zosonyeza kumene chachokera, siteshoni yotsikira, ndi nyumba imene chikupita. Palibe kompyuta, palibe risiti. Kenako amazisanja pa thabwa lalitali, kulisenza pamutu kapena kuzikoleka pa njinga, uyo wapita. Ntchito imeneyi inayamba cha mu 1890. Muime pambali, musawatsekere njira, anthuwo ali pa liwiro. Mukachedwa pang'ono mupeza pali mbee.

Nkhomaliro mudye m'lesitilanti, muitanitse thali, mbale yaikulu yokhala ndi mpunga, chapati ndi tindiwo tosiyanasiyana. Muwauze achepetse tsabola, ngakhale kuchepetsa kwawoko kwa ife kumakhala kudakali moto. Madzi mumwe a m'botolo lotseka bwino, ayezi ayi. Woperekera zakudya akamagwedeza mutu uku ndi uku, sakukana, akuti wamva.

Masana mupite ku Mani Bhavan, nyumba imene Gandhi ankafikira kuyambira 1917 mpaka 1934. Ndi yaing'ono, mphindi 40 zikwana. Kuchoka apo ndi ku Dhobi Ghat, kumene anthu amachapa zovala ndi manja m'maenje a simenti. Muime pa mlatho wa pafupi ndi siteshoni ya Mahalaxmi, pamenepo mumaona zonse. Masana kuchapa kwambiri kumakhala kutatha, muona mizere ya zovala zoyanikidwa, zambiri zopanikizidwa pakati pa zingwe ziwiri zopota, zopanda mapegi.

Za Haji Ali mumufunse woperekezayo m'mawa momwe, aone nthawi imene nyanja ikwere. Ndi manda ndi mzikiti zomwe zili m'nyanja, ndipo kanjira kopitira kumeneko kamamira madzi akakwera. Mukapita, mutenge mpango wofunda kumutu, nsapato muzivula polowa. Kanjirako n'kotalikirapo, mwendo ukakana ingoonerani pa msewu.

China. Operekeza ena amakonda kukhotetsa galimoto kukulowetsani m'sitolo ya makapeti kapena ya nsalu, amvekere n'kwa mnzawo, mungoona chabe. Amakhala ndi kangachepe kawo mukagula, ndipo ola lanu limathera momwemo. Munene kuti zogula ndi za tsiku lina.

Cha m'ma hafu pasiti 5 akakusiyeni pa Marine Drive, mukhale pa khoma la m'mphepete mwa nyanja mpaka magetsi ayake. Mukafuna kulawa vada pav, kabanzi kokhala ndi mbatatesi yokazinga m'kati, mugule pamene pali anthu ambiri ndipo akukazinga inu mukuona. M'madzimo musalowe, si oyera.

Galimoto ikakusiyani, mukwere takisi zakuda ndi zachikasu zija, muuze dalaivala ayatse mita. Khadi la hotela likhale m'chikwama chanu, mungomuonetsa. Mukafika mundiimbire, musaope kuti mundidzutsa, inu muli patsogolo ndi maola atatu ndi theka.