Kayaki ku Summer Isles: mverani kaye za kachingwe

Eee, yayamba kujambula? Chabwino. Abale amene mukupita kukapalasa kayaki, kabwato kakang'ono kotseka pamwamba, ku Summer Isles, tizilumba tija tili pafupi ndi Achiltibuie, kumpoto kwa Ullapool ku Scotland, tamverani kaye.

Kukongola ndiye musakayike. Mapanga m'matanthwe, akatumbu, ziwombankhanga za mchira woyera zija, abale ake a nkhwazi yathu. Pena mumapalasa nthawi yaitali osaona ndi nyumba yomwe. Koma madzi akewo si a ku Salima ayi. Ngakhale mu Julayi amakhala cha m'madigiri 12 kapena 13. Mukagweramo mpweya umabanika, mphindi yoyamba mumangopuma wefuwefu. Ndiye drysuit, chovala cha thupi lonse chosalowa madzi, akakupatsani valani, zipi mutseke mpaka kumapeto. Jekete yoyandamitsa pamwamba.

Tsopano siketi. Musaseke achimwene, aliyense amavala. Ndi chinsalu chomwe mumavala m'chiuno, n'kuchikoleka m'mphepete mwa bowo lomwe mwakhalamo kuti mafunde asathire madzi m'kati. Kutsogolo kwake kuli kachingwe. Kachingwe kameneko kakhale panja. Ndibwereze, panja, mukukaona ndi maso. Chifukwa kayaki ikagadabuka, inu mutu pansi m'madzi, mumaweramira kutsogolo, dzanja likutsata m'mphepete mwa bowolo mpaka likapeze, mukoke... ayi, pepani, mukankhire kaye kutsogolo kenako m'mwamba, siketi ivuke. Ndiye manja m'mbali mwa chiuno, n'kudzitulutsa ngati mukuvula buluku. Masekondi ochepa basi. Koma kakapanikizika m'kati, mukoka chiyani? Anthu amalakwitsa pomwepa, pothamangira kunyamuka. Pali ena amati ine ndinakulira kunyanja, bwato ndimalidziwa, osafuna ndi kuyeserera komwe pamadzi osaya. Bwato lathu lija silikumanga m'chiuno. Akagadabuka ndi omwewo amatuluka atamwa madzi amchere, nkhafi itapita.

Nkhafi, eya, musaitaye. Ndipo mukatuluka gwirani kayakiyo, mphepo imaikankha msanga kuposa mmene inu mungasambirire. Wotsogolera abwera, akhuthula madzi, akukwezani.

Mphepo imene ija. Yoopsa ndi yochokera kumtunda kulowera kunyanja. Pagombe madzi amaoneka bata, koma ikukutengani pang'onopang'ono, pobwerera ndi pomwe mumadziwa. Wotsogolera akati lero sitiwoloka, tingotsata gombe, musanyinyirike kuti talipira. Iyeyo waona zanyengo, wanyamula wailesi ya VHF, tchanelo 16 ndi yoitanira thandizo. Pa foni ndi 999, n'kupempha Coastguard, opulumutsa anthu panyanja.

Ndinaiwala, madzi kumeneko amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, pafupifupi maola 6 kukwera, 6 kutsika, mamita angapo ndithu. Mukaima pa kachilumba kuti mudye, kokerani kayaki kumtunda, kupitirira mzere wa zomera zam'nyanja zouma zija, muimange. Mukaisiya m'mphepete mukaipeza ikuyandama yokha. Ndi tizilombo toluma tija, ma midge, madzulo kukakhala kopanda mphepo... tengani kaneti ka kumutu. Kachingwe kaja, panja.