Atigwirira mtsogoleri, ndiye alalikire ndani?

Moni abale ndi alongo kulikonse komwe mukundimvera, a ku Cape Town, a ku Durban, ndi inu a pa Joni pano amene mwangoweruka kumene. Mundipirire lero, mawu asasa.

Lachisanu lapitali kunali chipikisheni chogwira anthu opanda mapepa kufakitale yosoka zovala komwe amagwira ntchito bambo amene amatsogolera mapemphero athu. Sindichita kukufotokozerani mmene zimakhalira. Atseka geti, mapepa m'manja, wopanda akwere. Anyamata ena anathawira padenga. Bambo athuwa ndi achikulire, bondo linayamba kale kuwavuta, mpanda sakanaulumpha. Amene anaona akuti anakwera galimoto tepi yoyezera ikadali m'khosi. Masiku 30 aja amene amatidindira mu pasipoti polowa m'dziko muno anawathera kalekale, monga ambirife.

Ndisanaiwale, inu achibale a anthu ogwidwa, musamangolira pa WhatsApp. Mu 2017 khoti lalikulu la kuno ku South Africa, Constitutional Court, linagamula kuti womangidwa chifukwa cha mapepa azionekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo lamulo sililola kumusunga kupitirira masiku 120 podikira kumubweza kwawo. Funsani ali kupolisi iti, aonekera liti, asanafike ku Lindela ku Krugersdorp uko, kosungira anthu odikira kubwezedwa kwawo.

Koma nkhani yanga ndi ya Lamulungu. Timapemphera m'galaja, ndipo tsikulo munadzaza mpaka ena anaima panja. Mantha amadzaza tchalitchi kuposa chitsitsimutso, ndakuuzani. Tinaimba, tinaimbanso, kolasi imodzi kuibwereza mpaka kutopa nayo, chifukwa aliyense amadziwa kuti ikatha wina ayenera kuima kutsogolo. Azibambo a masuti maso ali pansi. Ine musandifunse, gawo langa ndi ng'oma, ndipo pang'oma palibe angandiphe pa Gauteng yonse.

Kenako anadzuka mtsikana wina wa zaka za m'ma 20, amene amagwira ntchito ya m'nyumba. Bambo ogwidwawa anakhala akumuuza kuti, “Mwana wanga, uli ndi mphatso, tsiku lina udzagawe Mawu.” Iye amakana. Amati Fomu 4 sanamalize, kusukulu ya ubusa sanapondeko, ndipo akaima pagulu lilime limauma. Ndiye anaima, Baibulo lake lili mufoni yosweka galasi, dzanja likunjenjemera moti anachita kuigwira ndi manja awiri. Poyamba anati, “Makolo anga, mundikhululukire, ine si woyenera kuima pano.” Ndiye anatsegula Oweruza 6.

Gideoni akupuntha tirigu mopondera mphesa, kubisala Amidyani amene amabwera kudzalanda zokolola. Mngelo akumupeza momwemo n'kumutchula ngwazi. Mtsikana uja anatukula maso n'kufunsa kuti, “Kodi munthu wogwira ntchito mobisala, khutu lili kumsewu, alipo amene sakumudziwa muno?” Tinaseka tonse. Kenako anatikumbutsa zomwe Gideoni anayankha, kuti banja lawo ndi lonyozeka mu fuko la Manase, iyenso ndiye wamng'ono m'nyumba ya bambo ake, koma Mulungu sanatsutsane naye, anangomulonjeza kuti akhala naye. Sanalalikire nthawi yaitali. Penapake anasokoneza mavesi, mayi wina anamukonza, iye anathokoza n'kupitiriza.

Tsopano chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi. Titatuluka, bambo wina, mmodzi mwa a maso pansi aja, akuti, “Kamwana aka kanaloledwa ndi ndani? Sikanakwatiwe n'komwe.” Achimwene, ndikudziwa mumamvera pulogalamu ino, ndipo ndikulankhula mwaulemu. Mpando unali pomwepo. Munali ndi mwayi woima inuyo.

Ndiuzeni mmodzi m'Baibulo amene anaitanidwa n'kuyankha kuti eya, ndimadikira zimenezi, satifiketi nayi. Mose pa Eksodo 4 anadandaula za lilime lolemera mpaka anapempha kuti atumidwe wina. Yeremiya anati sadziwa kulankhula poti ndi mwana, koma anayamba m'chaka cha 13 cha Mfumu Yosiya n'kunenera zaka pafupifupi 40, mapeto ake anthu ake omwe anamutengera ku Iguputo asakufuna. Amosi ananena poyera kuti iye si mneneri kapena mwana wa mneneri, ndi woweta ziweto. Timoteo anachita kulemberedwa kalata kuti asalole munthu kupeputsa unyamata wake.

Ine amene ndimawaopa ndi osanjenjemerawa. Mwawaona mu tauni muno. Wabwera dzana pa basi, lero wachita lendi holo, chithunzi chake chili pa chikwangwani, akugulitsa mafuta ndi madzi, akulosera mapepa kwa anthu amene akugona anayi m'chipinda chimodzi. Ameneyo sanayambe wakayikapo ngati ndi wokonzeka. Bola mwana amene akuopa Mawu omwe wanyamula.

Achinyamata, musandimve molakwa. Sindikuti maphunziro ndi achabe. Apolo anali katswiri polankhula, koma Priskila ndi Akula anamutengera pambali n'kumuwongola, zili pa Machitidwe 18. Ndipo awiriwa anali ndani? Anthu othamangitsidwa ku Roma pamene Klaudio analamula kuti Ayuda onse achoke. Anafika ku Korinto n'kumadya za usoki wa mahema, ndipo Paulo akutchula mpingo wosonkhana m'nyumba mwawo. Othamangitsidwa, osoka, mpingo wa m'nyumba. Ndikawerenga pamenepo ndimaona bambo athu aja ndi tepi yawo. Choncho yamba ndi zomwe uli nazo, koma lola akukonze, werenga, funsa akulu.

Kumudzi mwana wotere akanakula pang'onopang'ono, kuyambira Sande sukulu, kwaya, abusa ndi akulu ampingo akumuyang'anira. Zimenezo ndimazisowa, osanama, pamodzi ndi belu la m'mawa lija. Kuno wokuphunzitsa akhoza kutengedwa Lachisanu masana. Agogo athu amene ankabwera kumigodi pa Wenela nawonso ankapemphera m'makomponi popanda kudikira kuti wina awadzoze kaye.

Lachitatu madzulo mtsikana uja atsogoleranso, wavomera, ngakhale akuti mimba ikumuwawa kale ndi mantha. Amene muli ndi Baibulo la ndemanga mubwerekeni, foni ija imuthera maso. Tikusonkhanso ya loya, msungichuma mukumudziwa. Ndipo pakufunika azibambo awiri olimba mtima oti apite kwa bwana wa fakitale ija, chifukwa malipiro a mwezi uno a bambo athu sanatuluke, ndipo mabwana ena munthu akagwidwa amaiwala msanga kuti anali ndi wantchito. A masuti aja, apa ndiye pofunika suti.

Ndisiyire pomwepa, mawa ndilawirira kuntchito.