Mwalipira chipinda kunyanja koma mwapeza zina: chimachitika n'chiyani, nanga mungatani?

[Wofotokoza wayima m'mbali mwa nyanja]

Moni nonse. Chaka chilichonse ikafika Khirisimasi, Pasaka kapena Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, misewu yopita ku Salima ndi ku Mangochi imadzaza ndi magalimoto a mabanja. Ambiri amakhala atasunga ndalama miyezi ingapo, ena atatenga za banki m'khonde, kuti ana akaoneko nyanja. Tchuthi chikatha madandaulo amakhala omwewo, ndipo lero tiwaunika.

[Chithunzi: chipinda cha malo ogona alendo]

Mwafika dzuwa litapendeka, mwatopa, ana ali ndi njala. Wolandira alendo akutsegulatsegula kaundula, dzina lanu silikuoneka, pomwe theka la ndalama munatumiza kale pa Airtel Money. Patapita ola akukupatsani chipinda cha kuseri, choyang'anizana ndi khitchini, osati chija choyang'ana kunyanja chomwe munaona pa Facebook. Mukatsegula mpopi ukungolira, madzi osatuluka, mpaka mnyamata akubwera ndi ndowa. Neti ndi yobooka, mabowo ake anachita kumanga mfundo. Fani yafa, ndipo amene anagonapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa kutentha kwake. Mwaitanitsa chambo, mwadikira maola awiri, kenako akubwera kudzati, "Pepani bwana, chambo chatha, koma nkhuku ilipo." Mukafunsa manejala, yankho ndi lija lodziwika: "Atuluka pang'ono."

[Wofotokoza]

Zina mwa zifukwa zake ndi zomveka ndithu. Magetsi amazimazima, dizilo wa jenereta amasowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zochokera kunja monga mapampu ndi mafiriji zinakwera mtengo koopsa. Mu 2024 nyanja inasefukira, madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mchenga wa pagombe n'kumira. Eni malo anavutika, sitikukana. Koma ngati pampu yafa kapena gombe lamira, mlendo ayenera kuuzidwa asanalipire. Kusiya zithunzi zakale pa intaneti, mtengo n'kukhala womwewo, kumeneko ndiye kunamiza munthu.

Palinso chifukwa china chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Malo ambiri a kunyanja ndalama zawo zenizeni amazipeza ku misonkhano ya mabungwe ndi nthambi za boma. Bungwe limodzi likhoza kutenga zipinda zambiri sabata yathunthu, kuphatikizapo holo, tiyi ndi nkhomaliro. Ndiye gulu lotere likaimba foni mochedwa, kapena likawonjezera tsiku, amene amasunthidwa ndi ndani? Ndi inu, banja la anthu anayi lomwe labwera masiku awiri. Mwini malo amawerengera kuti mudzanyinyirika pang'ono n'kuvomera, poti mwayenda ulendo wautali ndipo malo ena onse adzaza. Zimandiwawa kwambiri chifukwa munthu wa kumsonkhano amalipiriridwa, pamene banja lija latulutsa m'thumba mwake.

Nanga antchito? Nyengo ya tchuthi malo ambiri amalemba aganyu oti athandize masiku ochepa, osawaphunzitsa. Sukulu yophunzitsa ntchitoyi ilipo, koma si onse amene amakulandirani anadutsako. Ngakhale wophunzira bwino, nthawi zambiri sapatsidwa mphamvu yochotsera mtengo kapena kusintha chipinda popanda abwana. Chomwe angathe ndi kupepesa basi. N'chifukwa chake kukalipira mtsikana wa pa kauntala sikuthandiza. Mwangomuchititsa manyazi munthu amene mwina wayima chiyambire m'mamawa, pomwe wolakwa weniweni palibe.

[Mawu pa sikirini: Musanalipire]

Chitetezo chanu chimayambira kunyumba. Musadalire zokambirana pafoni zokha. Auzeni akulembereni pa WhatsApp kapena pa imelo: mtundu wa chipinda, masiku, mtengo wonse, ngati VAT ndi msonkho wa zokopa alendo zili momwemo, ngati kadzutsa alipo, komanso zomwe zidzachitike ulendo ukalephereka. Pemphani vidiyo ya chipindacho yojambulidwa tsiku lomwelo. Funsaninso mosabisa kuti jenereta amazimitsa nthawi yanji, chifukwa kwina ikangokwana 10 koloko usiku mdima bii. Ndalama tumizani ku akaunti ya malowo, osati pa nambala ya munthu, ndipo uthenga wotsimikizira musaufufute.

[Mawu pa sikirini: Mukafika]

Musanamasule zikwama, tsegulani mpopi, gwejemulani chimbudzi, yatsani fani, onani neti ndi zofunda. Chalakwika, jambulani nthawi yomweyo ndipo kanene nthawi yomweyo. Ife Amalawi timakonda kupirira, timaopa kuoneka ovuta, ndiye timagona masiku onse n'kudzadandaula tikubwera m'galimoto. Mukatero, eni malo amati munagona, munadya, ndiye kuti munakhutira. Nenani mwaulemu koma momveka chomwe mukufuna: chipinda china, kuchotsera mtengo, kapena kubwezeredwa ndalama. Ngati manejala watulukadi, pemphani nambala yake mumulembere uthenga, kuti pakhale umboni wa nthawi yomwe munadandaula.

[Wofotokoza]

Zikakanika pamenepo, lamulo lilipo. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa komanso kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama. Kutsatsa malonda monama ndi mlandu. Zikwangwani zija zoti ndalama sizibwezedwa zivute zitani, CFTC yakhala ikunena kuti n'zosaloledwa. Liliponso bungwe loimira ogula la CAMA, komanso akuluakulu a boma oona zokopa alendo, amene amayendera malo amenewa ndi kuona za ziphaso zawo. Kulikonse kumene mungapite adzafuna umboni: lisiti, mauthenga, zithunzi. Opanda zimenezi, nkhani imangokhala mawu anu kutsutsana ndi awo.

Ndemanga pa Google kapena pa Facebook lembani ndithu, chifukwa banja lina likusunga ndalama panopa kuti lipite komweko. Lembani tsiku, zomwe munalonjezedwa, zomwe munapeza, ndi zomwe anachita mutadandaula. Musakokomeze, musatukwane, ndipo dzina kapena chithunzi cha wantchito musaikepo. Iye akhoza kuchotsedwa ntchito mawa lomwe, pampu ija ikadali yakufa.